Mkulu wa Galimoto Yobiriwira ku Hot Springs

Vernice Oglesby anayendetsa basi za mumzinda wa Memphis mpaka imvi zinamera, ndipo ntchitoyo inamusiyira nthenda imodzi: munthu aliyense womwetulira msanga ankamuona ngati wofuna kukwera ulere. Choncho pamene amayi ake, Mayi Odessa, anayamba kuvuta kuti awaperekeze ku Hot Springs asanafe, iye anayamba wakana. Tawuni imene inalemera ndi njuga, mowa wobisa ndi zigawenga, n'kumadyerabe mbiri yomweyo mpaka lero, iye sankaikhulupirira ngakhale pang'ono.

"Mukakatani kumeneko, Amayi? Madzi otentha ali m'bafa mwanu momwemu."

"Ndikufuna ndikaponde pamene anaponda bambo anga. Ukakana ndikwera basi ndekha, anthu adziwe mwana amene ndinabereka."

Nkhani ya bambowo panalibe wa m'banjamo amene sankaidziwa. Lemuel Gaither anali wamanzere, woponya mpira wa besibolo m'timu ya anthu akuda, nthawi ija akuda ndi azungu sankasewera bwalo limodzi. Chaka china nyengo yozizira ikutha, timu yake inapita ku Hot Springs monga ankachitira matimu ambiri, kukaviika mafupa m'madzi otentha ndi kukonzekera mipikisano. Odessa anali khanda la m'manja. Anzake onse anabwerako, Lemuel yekha ayi. Patapita miyezi mkazi wake anakwera sitima kukamufuna, ndipo anabwerako atavala zakuda. Anati zigawenga zinamuuza Lemuel kuti agonje dala pa masewera amene zinabetcherapo, iye anakana, zinamupha, ndipo mtembo sunaoneke. Mayi Odessa anakula ndi nkhani imeneyi n'kukalamba nayo. Ankainena kutchalitchi, kwa dokotala wa mano, ngakhale kwa munthu wodzakonza mpope.

Ananyamuka atatu, wachitatu anali Dewitt, mwamuna wa Vernice, munthu wamimba yake ndi nthabwala zake. Atangoika zikwama ku hotela, Dewitt anazemba n'kubwera atavala chipewa chakuda champhepete, chija ankavala akuluakulu a zigawenga.

"Waona? Sitinakhale n'komwe pansi, akudyera kale ndalama," anatero Vernice.

"Taonetsetsa, mkazi wanga. Sindikuoneka ngati munthu woti meya amuvulire chipewa?"

"Ukuoneka ngati wokonza mafiriji amene waba chipewa pamaliro."

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadali pamwamba pa phiri, anatsetserekera kumpope wa pamsewu pamene anthu amatunga madzi a kasupe ulere. Panali mzere wa anthu ndi zigubu zawo, nthunzi ili tolotolo. Mayi Odessa anakhala pabenchi, ndipo posakhalitsa anali atagwira kale azungu awiri ochokera ku Iowa, mwamuna ndi mkazi wake, n'kuyamba kuwathira nkhani ya Lemuel Gaither. Vernice, amene anali ataimva mpaka kuiloweza, ankangoyang'ana anthu.

M'pamene anamuona. Anali mkulu wakuda, wamtali, wowonda, wa malaya oyera osita bwino. Chigubu chake chinali chitadzaza kalekale, madzi otenthawo akusefukira padzanja lake, koma iye osasuntha. Khutu linali kubenchi. Mayi wina kumbuyo kwake anachita kumukodola kuti apatse anzake mpata. Mkuluyo anatseka chigubu, n'kuyandikira pang'onopang'ono.

"Pepani amayi, mwati dzina la bambowo ndani?"

"Gaither. Lemuel Gaither. Munawamvapo?" anatero Mayi Odessa, nkhope itawala.

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Vernice, kenako chipewa cha Dewitt.

"Ayi," anatero, n'kutembenuka.

Ananyamula chigubu chake n'kukaika kumbuyo kwa galimoto yakale yobiriwira ya bokosi, n'kulowa. Koma sanalize injini. Vernice anawadzutsa amayi ake, ndipo akukwera chitunda kubwerera ku hotela anacheuka kawiri. Galimotoyo inali pomwepo, ndipo munthuyo ankawayang'ana pagalasi.

Kutacha anapita kukaona pamene panali bwalo limene matimu ankasewerapo. Anapeza poimika magalimoto, phula lokhalokha, ndi chikwangwani chachitsulo m'mphepete. Mayi Odessa anaima pakati pa phulalo atatsamira ndodo yawo, maso ali chotseka. Dewitt anavula chipewa. Vernice anayesa kuti mtima wake ukhale pamenepo, koma maso anamukana. Tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo, panali galimoto yobiriwira ija.

"Dewitt, usacheuke msanga. Munthu wa dzulo uja watitsata."

Dewitt anacheuka msanga, thupi lonse.

"Uti? Aa, iwe, magalimoto obiriwira mu Arkansas muno ndi ochuluka kuposa mipingo."

"Chitseko chakumanzere ndi choyera. Ndinachiona dzulo."

"Ndiye mwina wakopeka ndi Amayi. Asakwatiwenso chifukwa chiyani? Mano ali nawo, ena awoawo."

Vernice sanaseke. Anali atamvapo zambiri za akathyali osaka nkhalamba. Amayamba ndi kumvetsera, amatola dzina apa, nkhani apo, ndipo tsiku lina amangotulukira ali m'bale wako wotayika kapena mnzake wa malemu. Amayi ake anali atamwaza mbiri ya banja lonse pampope ngati chimanga cha nkhuku. Panatsala chiyani choti munthu wochenjera asadziwe?

Atabwerera ku hotela masana, mtsikana wolandira alendo anamuitanira pambali.

"Mayi Oglesby, kunabwera bambo wina m'mawa kudzafunsa za inu. Sindinawauze kanthu, lamulo lathu silitilola."

"Amafunsa chiyani?"

"Kuti mukhala mpaka liti. Komanso ngati bambo a chipewa aja ndi loya."

Vernice sanafunsenso zambiri. Munthu wofunsa ngati pali loya ndi munthu wofuna kudziwa ngati pali womutsekereza. Anafuna kulongedza katundu nthawi yomweyo, koma Mayi Odessa anali atalembetsa kale kuti mawa lake akasambe ku imodzi ya nyumba zakale zosambiramo, ndipo kuwachotsa pa chimene atsimikiza kunali ngati kukankha basi yozima pachitunda.

M'mawa mwake anawaperekeza mpaka pakhomo la nyumba yosambirayo, n'kuwapereka m'manja mwa mayi wovala zoyera amene anawalowetsa mbali ya akazi. Dewitt analowa mbali ya amuna akuimba kanyimbo. Vernice anati mutu ukumupweteka, akhala pakhonde. Sanadikire nthawi yaitali. Galimoto yobiriwira inabwera mwakachetechete n'kuima patsidya, pafupi ndi sitolo ya masiwiti.

Vernice anadutsa msewu osayang'ana n'komwe maloboti, n'kugogoda pagalasi ndi mphete. Mkuluyo anadzidzimuka, kenako anatsitsa galasilo theka.

"Mwatitsata kokwanira, bambo. Nenani chimene mukufuna, apo ayi ndiitana apolisi pompano."

"Aitaneni. Onse amandidziwa, ena ndinawaphunzitsa Sande sukulu. Ine ndiye ndikufunseni: mwadzatani kuno?"

"Tawuniyi ndi yanu?"

"Wakutumani ndani? Ndi anthu a kampani aja, eti? Anakupezani bwanji?"

"Kampani yanji? Inu mutu ukuyenda bwino?"

Anayang'anizana ngati agalu awiri okumana pampata. Vernice anaona mantha pankhope ya mkuluyo. Anaganiza kuti ndi luso chabe. Akathyali ena amatha ngakhale kulira.

Mkuluyo anatsegula chitseko n'kutsika. Ataima chilili anali wamtali kuposa mmene Vernice ankaganizira.

"Dzina langa ndine Hosea Stokes. Munthu amene amayi anu akumunena pamsewu ponse kuti anaphedwa ndi zigawenga sanaphedwe ndi aliyense. Anafera pabedi pake, ali nkhalamba, matenda a shuga atamudya miyendo. Ine ndinalipo. Anali bambo anga."

Vernice anaseka, chiseko chouma chimene ankasekera anthu omuonetsa tikiti ya dzulo.

"Ndimadikira zimenezo. Ndiye ndinu amalume anga, eti? Mwachedwa bwanji, mukananena pampope pomwe paja. Kapena munkafuna kaye nthawi yokonza bwino nkhani?"

"Sindikukupemphani kuti mukhulupirire."

"Chabwino, amalume. Poti munawadziwa, tandiuzani za dzino lawo lagolide lija."

Dzinolo Vernice analipeka pomwepo.

"Analibe dzino lagolide."

"Nanga chala chimene chinaduka?"

"Zala zinali zonse. Chimene chinali cholakwika ndi chigongono chakumanzere. Sichinkawongoka. Malaya tinkachita kuwaveka."

Komabe mtima wa Vernice sunagonje. Kathyali wa nzeru amadziwa msampha akauona. Ndipo za chigongonozo ndani akanatsutsa? Munthu amene akanadziwa anali kumanda.

"Mverani, Bambo Stokes, kaya ndinu ndani. Amayi anga ndi munthu wamkulu, mtima wawo ndi wa mankhwala. Mukangowayandikira, mudzadziwa kuti ku Memphis timakula bwanji."

"Inunso mukayandikira pakhomo panga ndi loya wanu wa chipewayo, mudzaona."

Anakwera galimoto yake n'kupita, utsi uli kumbuyo.

Vernice anatsimikiza kuti sawauza amayi ake kanthu. Anawatengera kumalo odyera, anaitanitsa mlamba wokazinga ndi tiyi wozizira, n'kumalankhula za nyengo. Mayi Odessa anali atatuluka m'madzi muja nkhope ili see, akuoneka ngati achotsapo zaka. Anadya mwakachetechete, kenako anapukuta pakamwa.

"Munthu umakangana naye pamsewu uja wati chiyani?"

"Munthu uti, Amayi?"

"Usandiyese mwana. Chipinda chopumuliramo chili ndi zenera. Ndinakuona ukumuloza chala ngati wakuba m'basi."

Dewitt anasiya kutafuna. Vernice anayesa kuzungulira, koma pomaliza ananena zonse, n'kuwonjezera kuti ndi bodza la mtundu wodziwika, kuti anthu otere amadya nkhalamba tsiku ndi tsiku, ndipo kuti abwerere kwawo lero lomwe.

Mayi Odessa anazunguza madzi oundana m'tambula.

"Bambo anga sindinawaone," anatero. "Koma mng'ono wawo, bambo aang'ono a Ezell, anandilera mpaka ndinakwatiwa. Munthu uja atangoima patsogolo panga pampope paja, ndinaona a Ezell. Khosi lomwelo, kaimidwe komweko kopendekera ngati mtengo wa magetsi. Usiku wonse ndinkadziuza kuti ndi ukalamba ukundinamiza."

"Anthu amafanana, Amayi."

"Amafanana, inde. Ndiye tiye tikamuonenso bwino."

"Sitikudziwa n'komwe kumene amakhala."

"Wati amaphunzitsa Sande sukulu," anatero Dewitt. "Ndipatse kanthawi kochepa ndi malo ometera tsitsi a anthu akuda, ndikubweretsera ndi dzina la galu wake lomwe."

Vernice anaona kuti wagonja, choncho anaika malamulo. Zikwama zonse zitsala m'galimoto, zokhomera. Palibe kusayina pepala lililonse, ngakhale la nyimbo za kutchalitchi. Palibe kutchula za nyumba ya ku Memphis kapena za penshoni. Ndipo Dewitt akhale pafupi ndi chitseko.

Nyumbayo anaipeza kuseri kwa msewu wa Malvern, dera limene kale munkakhala anthu akuda okhaokha. Inali yamatabwa, yopaka utoto wachikasu, itaima yokha pakati pa mabwinja. Nyumba zoyandikana nazo zinali zitagwetsedwa, kutsala masitepe a simenti okwera kopanda khomo. Hosea Stokes anali pakhonde ngati ankawadikira. Ataona Mayi Odessa akutsika ndi ndodo, mwendo wake unapita kutsogolo ngati akufuna kukawathandiza, koma anadzigwira.

M'chipinda chochezera munali mkazi wake, Mayi Earline, wamfupi, wojintcha, atapinda manja pachifuwa. Fungo la chitumbuwa cha mbatata linali m'nyumba monse, koma patebulo panalibe ngakhale tambula ya madzi. Earline anamuyang'ana Vernice kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, Vernice anabweza chimodzimodzi. Aliyense anazindikira kuti wakumana ndi mnzake.

"Awa ndiye a loya?" anafunsa Earline, akuloza Dewitt ndi chibwano.

"Ine? Mayi, ine ndimakonza mafiriji. Yanuyo ikulira moipa, ndaimva ndili pakhomo."

Palibe anaseka. Mayi Odessa anakhala pampando wautali, ndodo pakati pa miyendo.

"Ndabwera kudzamva. Nenani."

Hosea ananena akuyang'ana pansi. Anati chaka chimenecho, masewera okonzekera ali mkati, chigongono cha Lemuel chinathyoka akuponya mpira, anthu a pabenchi anachita kumva kulira kwake. Timu inapitirira ulendo n'kumusiya m'nyumba ya alendo kuti achire. Sanachire. Munthu amene ananyamuka kwawo anthu akumuimbira m'manja anachita manyazi kubwerera ndi mkono wopinda. Anapeza ntchito m'nyumba yosambiramo azungu, yokhecha misana ndi kunyamula matawulo.

"Zigawengazo anazidziwa, inde," anatero Hosea. "Ankazikhecha misana. Ankati zikavula zimangokhala anthu a mimba zazikulu oopa madzi otentha. Sizinamuopseze n'kamodzi komwe. Zinkamutcha Lefty, kutanthauza wamanzere, n'kumamutuma ndudu."

Anati m'nyumba ya alendo ija munali mtsikana wophika amene ankamumanga mkonowo. Pamene mkazi wake wa ku Memphis anatsika sitima n'kufunsira njira mpaka kupeza nyumbayo, anawapeza awiriwo akudya mbale imodzi pakhonde la kuseri. Sanakuwe, sanamenye munthu. Anangoti, kwa ine ndi kwa mwana wako, iwe wafa lero. N'kubwerera ku siteshoni. Pambuyo pake Lemuel anatenga dzina la Stokes kuti akwatire wophika uja kutchalitchi popanda mafunso. Wophikayo ndiye anali mayi ake a Hosea, ndipo anamuuza zonsezi bambowo atamwalira kale.

Vernice ankamvetsera ngati mmene ankamvetserera injini, kufuna pamene pakugogoda. Nkhaniyo inali yosalala, ndipo kusalalako n'kumene kunkamuvuta. Ankadikira mbedza. Posachedwa, ankaganiza, munthuyu anena kuti denga likudontha, kapena kuti manda a bambo akufunika mwala.

Mayi Odessa sanagwedezeke.

"Amayi anga anavala zakuda chaka chathunthu," anatero motsitsa. "Mpingo unatisonkhera chakudya. Abusa analalikira za bambo anga, kuti anyamata atengere chitsanzo." Kenako anayang'ana Hosea. "Ndikufunseni chinthu chimodzi, Bambo Stokes. Zaka zonsezo, ananditchulapo? Anatchulapo dzina loti Odessa?"

Apa ndiye apa, anaganiza Vernice. Ankadziwa yankho limene likubwera. Ankakutchulani tsiku lililonse. Ankalira pa tsiku lanu lobadwa. Anafa dzina lanu lili pakamwa. Ndi mawu amenewo nkhalamba ikanatsegula mtima, ndi chikwama chomwe.

Hosea anakweza maso koyamba.

"Ayi, mayi. Sanakutchulenipo."

"Hosea!" anatero Earline, akumuponda phazi.

"Ukufuna ndinene chiyani, Earline? Ndiwanamize? Anamizidwa kale mokwanira." Anatembenukiranso kwa Mayi Odessa. "Dzina lanu ndalimva koyamba pano. Amayi anangondiuza kuti kunali mwana, osadziwa ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Bambo anali munthu wosalankhula. Madzulo ankakhala pakhonde apo kumvera mpira pa wailesi, timu ikaluza n'kuzimitsa, ikawina n'kuzimitsanso. Ifenso amene tinali nawo m'nyumba sitinawadziwe kwenikweni. Mwina ankakuganizirani. Ine sindingalumbire."

Vernice anamva chinthu chikumasuka m'chifuwa mwake, ndipo m'malo mwake munalowa china cholemera kuposa. Munthuyu sankafuna kuwakondweretsa. Analibe chimene ankagulitsa. Zonse zinali zoona, ndipo amayi ake anali atangolandidwa bambo amene anakhala nawo moyo wawo wonse.

Anasuntha kuti awagwire dzanja, koma Mayi Odessa analichotsa.

"Ndiye mumatitsatiranji ngati akuba, poti munalibe uthenga wabwino woti mutipatse?"

Anayankha ndi Earline, mawu akuthamanga ngati anali atawatsekera nthawi yaitali. Anati kampani ina ikugula dera lonselo kuti imange hotela, ndipo iwo okha ndi amene akana. Nyumbayo ikadali m'dzina la malemu, amene sanasiye wilo. Munthu wa kampaniyo anawauza mosekerera kuti pakangopezeka mwana wina wa malemu, mbali ya nyumbayo ndi yake, ndipo akagulitsa mbali yakeyo, khoti likhoza kulamula kuti yonse igulitsidwe.

"Ndiye tangoganizani," anatero Earline. "Mwezi sunathe, bambowa akupita kukatunga madzi, akumva dzina la Gaither pamsewu, pali ndi munthu wa chipewa cha maloya. Inu mukanaganiza chiyani? Sitinagone tulo chibwerereni inu."

Vernice anatsegula pakamwa kuti akumbutse amayi ake lamulo lija, koma anachedwa.

"Nyumba iyi?" anatero Mayi Odessa, akuyang'ana denga ndi makoma. "Ine ndili ndi nyumba ya njerwa ku Memphis, ya zimbudzi ziwiri, imene ndinagula ndi manja angawa ndikuchapa zovala za m'chipatala. Ndidzatani ndi khola la nkhuku la munthu amene sanathe n'kutchula dzina langa lomwe? Bweretsani pepala lililonse lonena kuti sindikuifuna, ndisayina."

"Amayi, tinagwirizana kuti..."

"Iwe khala chete. Umupeze wekha loya weniweni, aliwerenge mpaka likukwane, ndiye ndisayine. Koma a kampaniwo asadzaone ngakhale msomali wa nyumba ino kudzera mwa ine."

Earline anawayang'ana kanthawi, akufufuza pamene pabisala chinyengo. Kenako anadzuka n'kulowa kukhitchini. Alendowo anamva uvuni ukutsegulidwa. Earline anabwera ndi chitumbuwa chija, mbale, ndi jagi ya tiyi.

"Ndinachibisa," anatero mosabisa. "Ndinati anthu odzandilanda nyumba sadya mbatata yanga."

"Ife zikwama tazikhomera m'galimoto," anatero Dewitt, ndipo Vernice anamuponda phazi nayenso.

Anadya. Dewitt anagwada kuseri kwa firiji n'kuyamba kuitukwana mwachikondi. Mayi Odessa anangolawa pang'ono n'kukankha mbale. Dzuwa litapendeka anafunsa kuti mandawo ali kuti.

Anali pachitunda kunja kwa tawuni, manda akale a anthu akuda, mitengo ya paini itazungulira. Pachipata Mayi Odessa anauza onse kuti atsale, kupatula Hosea. Vernice anaima chotsamira galimoto pamodzi ndi Earline, akuyang'ana nkhalamba ziwirizo zikukwera pang'onopang'ono pakati pa miyala. Pamalo ena otsetsereka Hosea anatambasula mkono, ndipo Mayi Odessa, atazengereza, anaugwira.

Anakaima patali, moti mawu sankamveka. Vernice anaona amayi ake akuloza pansi ndi ndodo, akulankhula nthawi yaitali, mutu ukugwedezeka. Sanadziwe ngati akulankhula ndi wamoyoyo kapena wakufayo. Kenako anaona mapewa awo akugwa, ndipo Hosea anavula chipewa chake n'kuyang'ana kumbali.

"Akhala bwino?" anafunsa Earline.

"Sindikudziwa," anatero Vernice, ndipo zinali zoona.

Pobwerera, maso a Mayi Odessa anali ofiira koma mawu anali atabwerera mwakale. Ankamveka asanafike n'komwe pachipata.

"Udzu mpaka m'mawondo! Iwe Hosea, umakhala tawuni yomweyino, galimoto uli nayo, nthawi yotsata anthu pamsewu uli nayo, koma yodzalambula pamanda ulibe?"

"Msana umandivuta, achemwali."

"Msana! Ine ndine wamkulu kwa iwe ndi zaka zingati, ukundiuza za msana? Munthuyo anali wopanda pake, ndamuuza ndithu pamaso pake, koma sagona m'tchire ngati galu ayi. Ndikadzabweranso ndidzapeze poyera."

"Chabwino, achemwali."

Vernice anawatsegulira chitseko amayi ake n'kuwamangirira lamba. Atatembenuka anapeza Hosea ataima pambali pake, chipewa chili m'manja, osadziwa ngati apereke dzanja kapena ayi.

"Pepalalo ndidzaliwerenga ndekha, mzere ndi mzere," anatero Vernice. "Musaganize kuti zathera pa chitumbuwa."

"Earline adzaliwerenganso mukamaliza inu."

"Zili bwino, amalume."

Pepalalo linasayinidwa chilimwe chisanathe, maloya a mbali zonse ziwiri ataliona, ndipo nyumba yachikasu ija inatsala ili chiimire pakati pa mabwinja. Mayi Odessa anadwala atangobwerera ku Memphis, anakhala milungu ingapo osapita kutchalitchi, osafuna kuona munthu. Vernice anadziimba mlandu kuti anawapititsiranji. Koma Lamlungu lina masana akulowa m'nyumba ya amayi ake ndi mphika wa masamba, anawamva ali pafoni kuchipinda, akukalipira munthu kuti wasiyiranji kumwa mankhwala a magazi, ndipo kuti amupatse foniyo Earline.